Za Lilime ndi Munda Wache wa m'Ubongo

Pa ziwalo zonse za thupi palibe china chimene tigwira nacho nchito kawirikawiri monga lilime, ndipo palibenso china chimene tichiiwala monga lomweli. Munthu wa kuno ku Mauwa akakhala pa mphasa madzulo ndi nsima ya matemba a ku Chirwa, sayatsa nyali kuti aone za m'kamwa mwache. Koma kamunga kochepa ngati tsitsi, kobisala m'kati mwa mbamu, lilime likapeza, nilikapatula, nilikakankhira ku milomo, mwini wache ali chilankhulire ndi anzache. Kamchenga ka mu mpunga, kamene kanapulumuka pa lichero ndi pa maso a mai wopeta, sikapulumuka pa lilime iai.

Kodi nzeru yotere ichokera kuti? Anthu anafunafuna yankho lache zaka zoposa 2,000, ndipo potsiriza anapeza chinthu chodabwitsa: kuti m'ubongo wa munthu ali yense muli mapu a thupi lache lonse, ndi kuti pa mapu amenewo chiwalo sichipatsidwa malo monga mwa msinkhu wache, koma monga mwa nchito yache. Mbiri ya mapuwo ndiyo tifuna kukufotokozerani mwezi uno, pakuti anthu amene anathandiza kopambana kuwalemba ndiwo amene ife m'midzi muno tiwapeputsa.

MTIMA KAPENA UBONGO?

Makolo athu anaika zonse mu mtima, ndipo kufikira lero tinena kuti mtima wawawa, kapena mtima wakana. Sanali okha poganiza chotero. Aristotle, wanzeru womveka wa dziko la Greece, anaphunzitsa kuti kumva konse kusonkhana mu mtima, ndi kuti ubongo uli ndi nchito yoziziritsa mwazi chabe. Koma m'dziko lomwelo, zaka ngati 400 asanabadwe Kristu, sing'anga wina wa gulu la Hippocrates anali atalemba kale kabuku ka nthenda ya khunyu, nanena kuti nthendayo sichokera kwa milungu monga anthu anali kuyesa, koma magwero ache ali m'ubongo.

Patapita zaka ngati 550 panauka Galen, sing'anga wa mudzi wa Pergamon, amene anali kumanga mabala a anthu omenyana ndi malupanga m'mabwalo a masewera. Iyeyu anatumbula nyama zambiri, nalondola mitsempha yoyera ngati thonje, imene siyenda mwazi, napeza kuti yonse ilunjika ku ubongo ndi ku msana, si ku mtima. Anaonanso kuti lilime lilandira mitsempha ya mitundu iwiri, ina yomvera ndi ina yoyendetsera. Zimenezi zinakhala m'mabuku zaka zambirimbiri, kufikira Charles Bell wa ku Scotland ndi François Magendie wa ku France, pakati pa 1811 ndi 1822, anatsimikiza poyesa pa nyama kuti mthenga wopita ku ubongo ali ndi njira yache, ndi mthenga wochokera ku ubongo ali ndi yachenso; sakumana pa njira imodzi.

KAMPASI YA WEBER

Woyamba kuyesa kukhudza ndi muyeso anali Ernst Weber, mphunzitsi wa sukulu yaikulu ya ku Leipzig m'dziko la Germany. Chida chache chinali kampasi ya miyendo iwiri, yonga imene ana alembera zozungulira m'sukulu. Anabunthitsa nsonga zache, namuuza munthu atsinzine, namkhudza nazo zonse ziwiri nthawi imodzi, namfunsa ngati wamva nsonga imodzi kapena ziwiri. Anayenda nayo thupi lonse, kuitambasula ndi kuifinya, ndipo m'chaka cha 1834 anasindikiza zimene anapeza m'buku la Chilatini.

Taonani zimene anapeza. Pakati pa msana munthu anali kumva nsonga imodzi yokha kufikira miyendo ya kampasi italekana mamilimita oposa 60, ndiko ngati kufupika kwa zala zitatu kapena zinai zogundana. Pa nsonga ya chala anazindikira ziwiri zitalekana mamilimita ngati 2. Koma pa nsonga ya lilime milimita 1 yokha inakwanira, ndiko ngati njere ya mawere. Pa thupi lonse sanapeze malo ena akuthwa kumva monga pamenepo. Ali yense wa inu akhoza kuyesa yekha ndi timitengo tiwiri ta machesi: mukhudze nato mnzanu pa msana, kenaka pa milomo, ndipo mudzaona kuti Weber sananame.

AMITHENGA ANAI

Tsono tiyeni tilondole njira imene mbiri ya lilime iyendamo. M'chigaza mutuluka mitsempha iwiriiwiri yokwana 12 ku dzanja lamanja ndi 12 ku lamanzere, monga anaiwerengera Samuel Sömmerring m'chaka cha 1778. Ndipo pa imeneyi, inai ndiyo itumikira lilime kopambana. Wa nambala 12 uliyendetsa. Wa nambala 7 unyamula kukoma kwa chakudya kuchokera kutsogolo kwa lilime. Wa nambala 9 usamala cha kumbuyo, kufupi ndi mmero. Koma wa nambala 5 ndiwo wa nkhani yathu, pakuti unyamula kukhudza, kutentha, kuzizira ndi kupweteka kuchokera ku magawo awiri a magawo atatu a lilime, kuyambira ku nsonga. Nthambi yache ipita m'kati mwa nsagwada, pafupi ndi dzino lotsiriza la m'munsi. Nchifukwa chache munthu wobayidwa jekeseni kuti azulidwe dzino limenelo amva dzanzi mbali imodzi ya lilime, ina iri bwino.

Apa tiyenera kulekanitsa kulawa ndi kukhudza, pakuti ambiri azisanganiza. Kuwawa kwa tsabola wa kambuzi si kukoma konga kwa mchere kapena uchi iai. Tsabola anyenga timitsempha tomvera kutentha, ndipo mbiri yache iyenda ndi mtsempha wa nambala 5. David Julius wa ku America ndi anzache anaonetsa m'mene zichitikira m'chaka cha 1997. M'chaka cha 2010 Ardem Patapoutian ndi anzache anapeza tizitseko tating'ono koposa ta m'thupi, timene titseguka tikapanikizidwa ndi kudzutsa mtsempha. Awiriwa analandira mphatso ya Nobel m'chaka cha 2021. Chithunzi chija cha m'mabuku ena a sukulu, chogawa lilime kuti kutsekemera kumveka ku nsonga kokha ndi kuwawa kumbuyo kokha, chinabadwa pomasulira molakwa zolemba za David Hänig za m'chaka cha 1901. Zoona zache nzakuti kukoma kwa mitundu yonse kumveka mbali zonse zolawira.

Mtsempha wa nambala 5 ukalowa m'chigaza utula katundu wache pa tsinde la ubongo. Pamenepo mthenga wachiwiri amnyamula, naoloka naye tsidya lina, nafika pa mphambano ya pakati pa ubongo, imene madotolo aitcha thalamus. Mthenga wachitatu amtenga pa mphambanopo kukamtula pa khungwa la ubongo. Khungwalo ndi lochindikala mamilimita 2 kufikira 4, ndipo liri lopindikapindika ngati munda wa mizere. Ulendo wonsewo utha diso lisanaphethire. Koma funso lotsala linali ili: pa mizere yonseyo, mbiri ya lilime ifikira pa mzere uti?

ODWALA KHUNYU AONETSA NJIRA

M'chaka cha 1861, chaka chomwecho chimene Bishopu Mackenzie ndi anzache anamanga ku Magomero, dotolo wina wa ku Paris, dzina lache Paul Broca, anaona munthu amene lilime lache linali kuyenda bwino, ndipo anali kumva zonena anthu, koma sanathe kutulutsa mau. Munthuyo atamwalira, Broca anapeza bala pa malo amodzi a ubongo, ku dzanja lamanzere. Pamenepo anthu anayamba kuvomereza kuti nchito iri yonse iri ndi dera lache m'ubongo.

Zaka zomwezo ku London kunali John Hughlings Jackson, dotolo wofatsa amene anakhala pambali pa odwala khunyu ndi kupenyetsetsa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Iye anaona kuti mwa odwala ena nthenda siigwira thupi lonse nthawi imodzi, koma iyamba pa malo amodzi, makamaka pa chala chachikulu cha ku dzanja, kapena pakamwa ndi lilime, kapena pa chala chachikulu cha ku phazi. Ndipo ichoka pamenepo niyenda mwa dongosolo, monga moto wolusa uyenda m'tchire kuchoka pa munda uwu kulowa m'munda woyandikana nawo. Wosatsegula mutu wa munthu, Jackson anazindikira kuti ziwalo ziri nawo malo ondandalikana m'ubongo. M'chaka cha 1870 Gustav Fritsch ndi Eduard Hitzig ku Berlin anakhudza ubongo wa garu ndi mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo mwendo wa mbali inayo unagwedezeka. Koma garu sanena chimene wamva. Kuyenda kuoneka ndi maso. Kumva kufuna mboni yolankhula. M'chaka cha 1909 Harvey Cushing wa ku Baltimore anafalitsa mbiri ya odwala khunyu awiri amene anawachita opareshoni ali maso, ndipo iwo ananena okha kuti pokhudzidwa ubongo anamva kanthu m'dzanja.

Amene anatsiriza nchitoyi ndiye Wilder Penfield, wobadwa m'chaka cha 1891 ku America. M'chaka cha 1928 anakaphunzira kwa Otfrid Foerster ku Breslau, nasamukira ku Montreal m'dziko la Canada, kumene anatsegula chipatala cha nthenda za ubongo m'chaka cha 1934. Cholinga chache sichinali kulemba mapu, anafuna kuchiritsa. Mwa anthu ena khunyu ichokera pa chipsera cha m'ubongo, ndipo kuchotsa chipseracho kukhoza kuleketsa kugwa. Koma mpeni ukaphonya pang'ono, munthu adzauka wosalankhula kapena wopuwala. Chifukwa chache Penfield sanagoneke odwala ache tulo. Anapha dzanzi khungu la pamutu lokha, pakuti ubongo weniweniwo sumva kupweteka, natsegula chigaza, nakhudza mizere ya ubongo pano ndi apo ndi kawaya ka magetsi ochepa, nafunsa wodwalayo chimene wamva. Wina anayankha kuti chala chachita dzanzi. Wina kuti mlomo wanyerenyetsa. Wina kuti lilime lanyerenyetsa, ngakhale m'kamwa munalibe kanthu. Pa malo ali onse oyankha anaikapo kapepala ka nambala, mlembi nalemba mau a wodwalayo, ndipo anajambula chithunzi.

Lingalirani kulimba mtima kwa anthu amenewo, kugona maora ambiri chigaza chiri chotsegula, ndi kuyankha mafunso mosamala. Mutu umodzi susenza denga: Penfield ndi mnzache Edwin Boldrey anasonkhanitsa mayankho a odwala oposa 100, nafalitsa mapu ao m'chaka cha 1937. M'chaka cha 1950 anatulutsa buku lina pamodzi ndi Theodore Rasmussen, lokhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi mai Hortense Cantlie.

MAGAWIDWE A MINDA

Maonekedwe a mapuwo ndi awa. Kuchokera pa liwombo kutsikira cha ku khutu, mbali zonse ziwiri za ubongo, pali ngalande yakuya. Mzere wa kutsogolo kwa ngalandeyo ulamulira kuyenda kwa ziwalo. Mzere wa kumbuyo kwache ulandira kukhudza. Pa mzere wakumbuyowo thupi ligona chozondoka. Pamwamba pali phazi ndi mwendo. Potsika pali chiuno, chifuwa ndi mkono. Kenaka dzanja ndi zala, kutsirizira chala chachikulu. Pomwepo payamba nkhope, milomo, mano ndi nsagwada. Ndipo pansi penipeni, kufupi ndi khutu, pali lilime ndi mmero. Ubongo wa kumanja umvera thupi la kumanzere, ndi wa kumanzere thupi la kumanja. Koma lilime, pokhala pakati, litumiza gawo la mbiri yache mbali zonse ziwiri.

Ife a ku Chiradzulu tidziwa bwino kuchepa kwa malo, pakuti boma lathu ndi limodzi la maboma othithikana anthu kopambana m'Malawi. Nyakwawa wanzeru pogawa minda sayang'ana kutalika kwa mwamuna, koma awerenga pakamwa pofuna kudya ndi manja ogwira khasu. Ubongo ugawa chimodzimodzi. Msana ndi waukulu, koma amithenga ache ndi owerengeka, ndipo ulandira kadimba. Milomo, lilime ndi zala nzazing'ono, koma amithenga ao ndi khamu, ndipo zilandira minda yaikulu. Pamene Penfield anajambulitsa munthu monga mwa magawidwe amenewa, panatuluka kamunthu koseketsa, kamene anakatcha m'Chilatini homunculus: thupi ndi miyendo yoonda ngati ya dzombe, manja ngati malichero, milomo yotupa, ndi lilime lalikulu lokhala palokha kunsi kwa chibwano. Motero chimene Weber anachiyesa kunja ndi kampasi chinapezeka cholembedwa m'kati mwa mutu, patapita zaka 103.

Ndi zoweta zomwe zitsata lamulo lomweli. M'chaka cha 1943 Edgar Adrian wa ku Cambridge anafalitsa kuti mwa nkhumba munda waukulu ndi wa mphuno imene ifukulira pansi, ndipo mwa mbuzi ndi nkhosa ndi wa milomo imene zisankhira msipu.

MALIRE ASUNTHA

Makono madotolo ali ndi makina oona ubongo ulikugwira nchito, osatsegula mutu. Kuyambira zaka za m'ma 1990 makinawo atsimikiza dongosolo la Penfield, ngakhale aonetsa kuti minda yoyandikana ilowerana koposa m'mene chithunzi chija chionetsera. Chinanso chinadziwika: malire sakhala chikhalire. Munda wosalimidwa, mnansi aulowerera. Vilayanur Ramachandran wa ku San Diego anapeza anthu oduka mkono amene, pokhudzidwa pa tsaya, anamva ngati akhudzidwa pa zala zimene kulibe, pakuti pa mapu paja nkhope ichita malire ndi dzanja. Mwa akhungu owerenga malembo a Braille, munda wa chala chowerengera ukula.

Paul Bach-y-Rita, dotolo amene anagwira nchito ku Wisconsin, anaganiza kuti ngati lilime liri lakuthwa chotero, likhoza kubwereka nchito ya maso. M'chaka cha 1998 iye ndi anzache anaonetsa kachipangizo kosanja pa lilime, kokhala ndi timadontho ta magetsi tolemba maonekedwe a zinthu. Pambuyo pache anakalumikiza ndi kamera yovala pamphumi. Wakhungu ataphunzira akhoza kuzindikira khomo, mzati, kapena lembo lalikulu. Sikabweza maso iai, koma kathandiza poyenda. Bach-y-Rita anamwalira m'chaka cha 2006, ndipo boma la America linavomereza chipangizocho m'chaka cha 2015.

PHINDU LACHE KWA IFE

Wina adzati, izi nza Azungu ndi zipatala zao zakutali. Zitipindulira chiani ife olima nandolo? Zitipindulira zitatu.

Choyamba, popeza pakamwa ndi dzanja ziri zoyandikana pa mapu, munthu akamva dzanzi mwadzidzidzi mbali imodzi ya lilime kapena ya milomo pamodzi ndi zala za mbali yomweyo, kapena pakamwa pakapotoka ndi mau nalemera, vuto siliri m'kamwa koma m'ubongo. Chikhoza kukhala chiyambi cha nthenda yakufa ziwalo, imene a chipatala aitcha sitiroko. Wotere asatemedwe mphini kapena kudikira kuche. Anyamulidwe msanga kunka ku chipatala.

Chachiwiri, abale a wodwala khunyu ayenera kupenya monga anapenyera Jackson. Kodi kugwa kuyamba ndi chala kunjenjemera, kapena ndi lilime kunyerenyetsa? Kuyamba mbali iti? Mau amenewa ndi a mtengo wapatali kwa dotolo, pakuti amlozera dera la ubongo kumene moto uyambira.

Chachitatu ndicho chachikulu. M'midzi mwathu wodwala khunyu adyera mbale yache yekha. Akagwa anthu athawa, poopa malovu ache kapena mpweya wache, ndipo ambiri apsa pa moto anthu ali chipenyere. Ena amkanula mano ndi supuni, poyesa kuti ameza lilime. Abale, khunyu sipatsirana. Ndi nthenda ya ubongo, yobwera chifukwa cha bala la pamutu, kapena kuvutika pobadwa, kapena mphutsi za njoka ya m'mimba yofala ndi nkhumba, kapena malungo olowa m'ubongo. Za malungo amenewa dziko lonse laphunzira zambiri kwa ana odwala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza m'chaka cha 1989 muyeso wa kukomoka kwa mwana wotchedwa ndi dzina la mzindawo. Ndipo polondola ana ochira kunapezeka kuti ena a iwo adwala khunyu pambuyo pache. Lilime silimezeka, pakuti liri lomangika pansi pa kamwa. Supuni ingothyola mano ndi kulasa lilimelo. Wakugwa mumchotse pa moto ndi pa madzi, muike chofewa kunsi kwa mutu wache, ndipo kunjenjemera kukaleka mumgoneke chammbali. Musammwetse kanthu kufikira atatsitsimuka. Mankhwala alipo: phenobarbitone anayamba kugwira nchito imeneyi m'chaka cha 1912, ndipo bungwe la za umoyo pa dziko lonse linena kuti pa odwala 10, okwana ngati 7 akhoza kuleka kugwa akamwa mankhwala oyenera mosadumphitsa. Mukafunse pa chipatala cha Mauwa, kapena cha pa boma ku Chiradzulu, kapena ku Nguludi.

Madotolo a dziko lonse aphunzira mapu a ubongo kufikira lero, ndipo maina a Jackson ndi Penfield ali m'mabuku ao. Maina a odwala aja, amene anagona chigaza chiri chotsegula ndi kunena chimene anamva pa lilime, adziwika ndi owerengeka okha. Sitingathe kuwathokoza iwo. Koma anzao a nthenda yomweyo ali pakati pathu, m'mudzi uno ndi m'mudzi wa patsidya. Mwana wotere abwerere ku sukulu, adye mbale imodzi ndi abale ache, ndipo tsiku lotenga mankhwala likafika, pakhale munthu womperekeza.